Mayi Tiyeni ndi phiri lawo la miyala

M'kachipinda kathu komwera tiyi, kumapeto kwa wodi ya amuna, muli funso limodzi losakalamba. Namwino akangovula nsapato n'kutambasula miyendo yotupa, amafunsa anzake: "Mutalemera lero lomwe lino, mawa mungabwere kuntchito?" Langa yankho ndi lodziwika. Ine dripi ndingaisiye ili pakati, yunifolomu n'kuikoloweka pachitseko cha abwana, kutsanzika kwake likhale fumbi. Anzanga onse amatero. Mmodzi yekha ndiye ankangouzira tiyi wake kuti azizire. Amenewo anali Mayi Tiyeni, mkulu wa wodi yathu. Ndiye poti mwayi ulibe maso, unatilumpha tonse ofuna n'kukagwera iwowo.

Dzina limeneli anawapatsa ndi odwala, chifukwa kwa iwo chilichonse chinkayamba ndi mawu amodzimodziwo. "Tiyeni titembenuke, bambo." "Tiyeni tisambe." "Tiyeni timeze," ngati kuti nawonso ameza nawo mankhwalawo. Ine pochokera kusukulu ya unamwino ndinawapeza ali kale ndi imvi, mayi wamfupi wa mikono ya munthu wowaza nkhuni. Amuna awo anamwalira ana ali aang'ono, ndipo anawo anawalera ndi malipiro omwewa, otha mwezi usanafike pakati. Chonyadira chawo chinali chimodzi basi: m'wodi mwawo munthu sankatuluka zilonda za chigonere. Wodwala wosatha kudzitembenuza ankamutembenuza iwo, afune asafune, alire atukwane. Ndipo kutukwanidwako ankatukwanidwadi, monga titukwanidwira tonsefe.

Bambo awo owabereka atamwalira, alongo awo anagawana minda yonse yachonde, iwo n'kuwasiyira phiri la miyala loti ngakhale mbuzi zinkalinyoza. "Inu muli pantchito, achemwali, simulima," anatero alongowo, chifundo chili tho m'maso. Patapita zaka zambiri kunabwera kampani yophwanya miyala yomangira misewu, inaligogodagogoda phirilo, n'kuligula. Musandifunse kuti zingati. M'chipatala aliyense anali ndi chiwerengero chake, ndipo chinkakula tsiku ndi tsiku. Chomwe ndikudziwa n'chakuti alongo aja anayamba kudwala mutu wosamva mankhwala.

Ife sitinachedwe. Tinasonkherana, tinagula keke ndi wotchi ya pakhoma, n'kuwakonzera phwando lotsanzikana. Kuwafunsa ngati akuchoka? Aaa, munthu amafunsa zoterozo? Ine ndinavina kuposa onse, poti mpando wa mkulu wa wodi unkabwera kwa ine, ndipo sindikupepesa. Mayi Tiyeni anathokoza bwinobwino, anadya keke, wotchi ija n'kuikhoma m'kachipinda kathu ka tiyi komweko. Lolemba m'mawa ndikulowa m'wodi ndi mapewa a ukulu, ndinangomva kuseri kwa katani: "Tiyeni titembenuke, bambo." Ndinapsa mtima mpaka makutu kulira.

Koma chimene ife tinalephera ndi keke, ulemu unachichita mwaulere.

Anayamba ndi okolopa. Mayi Tiyeni akangogwira beseni, wina wafika kale: "Siyani, mayi, tilipo ife." Dokotala amene kwa zaka zonsezi ankawaitana ndi chala anayamba kuimirira powapatsa moni, n'kumawafunsa za nyengo. Odikirira odwala ankawatchingira m'khonde, manja kumbuyo, aliyense ndi nkhani ya mwana wothamangitsidwa kusukulu. Zonsezi mayi aja ankazikankhira pambali ndi chigongono, n'kumapitirira. Chimene sanathe kukankha ndi odwala eniake.

Pabedi la pawindo panagona akalipentala ena okalamba, othyoka fupa la m'chiuno. Pakamwa pawo panali moto. Asanamve za phirilo ankakuwa wodi yonse kumva: "Iwe namwino wamfupiwe, ukudikira ndife kaye?" Mayi Tiyeni ankayankha kuti, "Simufa lero, muli ndi mawu ambiri," n'kuwanyamula ngati mwana. Atangomva kuti mayiwo ndi olemera, akalipentala anasanduka munthu wina. Akawaona akubwera ankakoka bulangete mpaka m'khosi n'kumwetulira. "Tili bwino, bwana. Tatembenuka kale." Bodza lenileni. Kabeseni kodzithandizira sankakapemphanso. Ankapirira kuyambira m'mawa, thukuta lili kamukamu, kudikira kuti padutse mmodzi wa ife osaukafe. Koma ife tinali awiri okha pa mabedi onsewo.

Tsiku lina kupirira kunalephereka, bedi linanyowa. Mayi Tiyeni anafika ndi nsalu zouma, ine ndili pambuyo.

"Tiyeni tisinthe, bambo."

"Ayi, bwana, chonde." Mkuluyo misozi inali mbwembwembwe. "Munthu ngati inu mugwire zonyansa zanga? Ndine yani ine?"

"Ndine yemwe uja munkamutukwanayu."

"Pepani, bwana, sindinkadziwa."

Mkuluyo anagwira zitsulo za bedi ndi manja onse awiri, osalola. Mayi Tiyeni anandipatsa ine nsaluzo n'kubwerera m'mbuyo pang'ono. Nditawatembenuza akalipentala, pamsana m'munsimu panali chilonda, chofiira, chotseguka kale. Choyamba m'wodi imeneyo chiyambire ine ntchito. Mayi aja anachiyang'ana nthawi yaitali. Ine amene ndinkafuna achokewo, mtima unandiwawa zedi, sindinama. Sabata yomweyo anatula pansi udindo, ndipo ulendo uno panalibe keke.

Mpando ndinaupeza. Ndi mpando wabwino, ungoti suukhalira, umangouona podutsa.

Ana awo anawamangira nyumba ya mpanda wautali, anawagulira galimoto, n'kuwalembera antchito oti aziwaletsa kugwira chilichonse. Nditapita kukawaona ndinawapeza pakhonde, atavala bwino, manja ali pamiyendo ngati zinthu zobwereka. Anandifunsa za chilonda cha akalipentala chisanafike n'chakumwa chomwe. Ndinawauza kuti chinapola, mkuluyo anatuluka, ndipo ine ananditukwana mpaka pachipata. "Mwayi wako," anatero. Ndinaseka, koma iwo sanaseke.

Miyezi ingapo itadutsa, azakhali anga anagonekedwa pa kachipatala kena kutali ndi kwathu, koti ukatsika minibasi uyendenso wapansi. Ndikulowa m'wodi ya amayi ndi kathumba ka malalanje, ndinaima chilili. Kuseri kwa katani kunamveka: "Tiyeni titembenuke, mayi." Katani itatseguka, ndi awo! Yunifolomu yakale yofwifwa ija, nsapato zakutha chidendene zija, beseni m'manja.

Ndisanatsegule pakamwa anandikokera m'chipinda chotsukira mabeseni n'kutseka chitseko ndi phazi.

"Mwana iwe, ukufuna chiyani kuno?"

"Ine ndifunse inu! Nanga nyumba ija? Nanga galimoto?"

"Galimoto ndimaisiya pamalo omwetsera mafuta, kwinako ndimakwera minibasi. Ana amadziwa kuti ndimapita kokacheza ndi amayi anzanga." Anandigwira mkono mwamphamvu. "Kuno amati ndine mayi wamasiye amene penshoni siikumukwana. Dzulo lomweli namwino mnzanga wandigawira sopo. Chonde, mwana wanga, usandiulule."

Taonani zake! Ena amabisa chibwenzi, ena amabisa mowa, awa akubisa ntchito ya mabeseni.

Titatuluka, mayi wina wa pabedi lapakona anadzutsa mutu. "Iwe gogo iwe! Ndakuitana liti? Mumangodziwa miseche, anthu opanda pake! N'chifukwa chake mumakalambira pa umphawi!"

Magazi anandithamangira kumutu. Munthu kulankhula chotero kwa mayi amene anandiphunzitsa ntchito? Ndinapita patsogolo, chala m'mwamba. "Mayi inu, mukudziwa amene mukulankhula nayeyu? Awa angathe kugula..."

Chidendene chakutha chija chinatera pa chala changa chachikulu cha kuphazi, ndi mphamvu zonse za munthu amene wanyamula odwala moyo wake wonse. Ndinaona nyenyezi masanasana.

"Ndikubwera, mayi, pepani," anatero Mayi Tiyeni, nkhope ili ngwee monga ndinali ndisanaione chigulitsire phiri lija. "Tiyeni tidzuke pang'onopang'ono."

Chikhadabo chinachoka patapita sabata. M'kachipinda ka tiyi, pansi pa wotchi yawo ija, anzanga akafunsa funso lathu lija ndimayankhabe kuti ine dripi ndingaisiye ili pakati. Koma dzina la kachipatalako sindinauze munthu, ndipo inunso musandifunse.