Njati ya Agogo Inakwera Kumapiri

Ndikangodutsa pagalaja n'kumva fungo la dizilo losakanikirana ndi girizi wotentha, ndimawaona agogo anga aamuna, a Jafali, atagona chagada pachisaka pansi pa galimoto, miyendo yokha ikuonekera kunja, akung'ung'udza kanyimbo kopanda mutu kwinaku sipanala ikulira ngwe ngwe pazitsulo. Kwathu ku Nkhunga makomo ena ankanunkhira usipa wowamba kapena mpunga wongopuntha kumene, koma pathu ngakhale zitenje zochapa za agogo aakazi zinkamveka kafungo ka oyilo.

Galimotoyo inali yakale kuposa amayi anga. Inali ya zija zamakona ngati bokosi, zopangidwira kuyenda m'tchire, ya tayala lapadera pamwamba pa boneti ndi mazenera okankhira cham'mbali. Agogo anaigula paokushoni atapuma ntchito yoyendetsa mathirakitala kuesiteti ya nzimbe, n'kuitcha Njati. Inanyamula mpunga, akwati ndi odwala kwa zaka ndithu, kenako injini inasweka. Pamene ine ndinkayamba kuzindikira zinthu, Njati inali itakhala panjerwa pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Ana tinkaseweramo tsiku lonse. Ine ndinkalimbirana chiwongolero ndi anyamata, ndipo ndikachigwira ndinkawatengera onse ku Lilongwe, injini ili pakamwa panga.

Agogo aakazi, Anaphiri, sanali a kunyanja. Kwawo kunali kumapiri, kumtunda kwa Dwambazi, kumudzi kumene minibasi sifika ndipo a kabaza amabwerera panjira. Akali ndi mphamvu ankapitako wapansi, koma mawondo atayamba kutupa analeka. Kumeneko kunatsala mkulu wawo mmodzi yekha, a Esinati, amene ine ndinkangowamva dzina. Tsiku lina pakhonde pathu panapumula bambo wogulitsa nyemba wochokera chakumeneko, ndipo pocheza ananena kuti a Esinati maso achita khungu, ndipo aliyense wodutsa amamufunsa ngati mng'ono wawo wa kunyanja akali moyo. Agogo aakazi anangolowa m'nyumba, ndipo tsiku limenelo sanadye.

M'mawa mwake tinadzidzimuka ndi phokoso la nkhuku. Agogo aamuna anali akuzipirikitsa m'galimoto ndi tsache.

"Anaphiri," anatero atafika pakhomo la khitchini, "mvula isanakhazikike ndikakutulani pakhonde pa achemwali anu. Pa Njati."

"Inu a Jafali, musandiseke ine," agogo aakazi anayankha osatembenuka n'komwe. "Khola la nkhuku limenelo? Bola mundikweze pawilibala."

"Mudzaona."

"Ndaona zambiri kwa inu."

Mwana wawo wamwamuna, amalume anga a Rashidi, ankakonza zamagetsi a galimoto ku Boma. Iwo ndi amene anabweretsa nkhani yoti kuli pikapu ina yamakono imene inagubuduka n'kuphwanyikiratu thupi lonse, koma injini yake inatsala yamoyo. Agogo aamuna anagulitsa ng'ombe zawo ziwiri zokokera ngolo, zomwe ankazikonda ngati ana, ndipo Loweruka lina injiniyo inafika palole itakulungidwa m'tenti. Mudzi wonse unabwera. Anamanga cheni panthambi yaikulu ya mango, anyamata akukoka, agogo akukuwa kuti "Pang'onopang'ono! Si thumba la chimanga limenelo!" Nthambi inkalira kwe kwe, mango aawisi akugwera anthu pamutu, ndipo injini inkazungulira m'mwamba ikunyezimira, mapaipi ndi mawaya zikulendewera ngati mizu ya chinangwa.

Itatsika, inakana kulowa. Malo a injini yakale anali ena, yatsopanoyi inali ndi mapewa otambalala. Anthu anaseka n'kubalalika, koma agogo anangoiyang'ana akupukusa mutu ndi chimwemwe, ngati munthu amene wapatsidwa nsomba yaikulu kuposa mphika wake. Kuyambira tsiku limenelo pakhomo pathu panasanduka galaja. Ankadula zitsulo, kuyeza, kupita nazo kowotcherera ku Dwangwa panjinga, kubwera, kuyezanso. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkamva nyundo ndikadali kudambo, ndipo ndinkathamanga kuti ndikaone chimene chasintha.

Mkangano waukulu unali pa kabokosi kakuda kamene amalume ankakagwira ngati dzira. Ankati ndi kompyuta ya injini, ndipo popanda iko galimoto siingalire.

"Injini yoganiza yokha?" agogo anafunsa. "Nanga ine ndiziganiza chiyani?"

"Ababa, imeneyi ikadwala imanena yokha pamene pakupweteka."

"Njati yakhala ikundiuza pamene pakupweteka iwe usanabadwe. Sinafunepo kabokosi."

Komabe madzulo ake ndinawapeza akukapukuta ndi mpango wawo wa m'thumba, ndipo anakakhomera malo okwera, kuseri kwa chiwongolero, kuti madzi asadzakafike. Pambuyo pa injini anaika giyabokosi ya pikapu yomweyo, mabuleki atsopano, mashokapu, ndi chiwongolero chopepuka chimene ngakhale ine ndinkatha kuchizunguza ndi dzanja limodzi. Cham'mbali mwa galasi lakutsogolo anakwezamo paipi yakuda yoti injini izipumira m'mwamba ikalowa m'madzi. Amalume anaika potchajira foni, ndipo galimoto isanayende n'komwe anthu anali atayamba kale kubwera ndi mafoni awo. Chomaliza agogo anachichita okha osauza munthu: kumbali ya wokwera anamangirira chopondera chachitsulo chotsika kwambiri, n'kuika mpando wofewa wa m'pikapu muja. Agogo aakazi anachiona chopondera chija akupita kukatunga madzi. Anaima, anachiponda kamodzi ndi phazi kuyesa ngati chili cholimba, n'kupitiriza ulendo wawo.

Tsiku loliza injini kunadzaza anthu kuposa pa chikwati. Agogo anaimirira kutsogolo boneti ili yotsegula, kenako anandikodola.

"Iwe Halima, wakhala dalaivala wa galimoto imeneyi zaka zonse zimene ine ndinaitaya. Kwera ulize."

Ndinakwera. Ndinapotokola kiyi. Kunangomveka kuti thi, basi. Anthu anaphulika kuseka, wina n'kukuwa kuti nkhuku zibwerere kwawo. Amalume analowetsa mutu m'kati, anapeza waya wina wa batire wosamanga bwino, anaumanga, n'kundiuza kuti ndiyesenso. Ndinapotokola. Njati inatsokomola kamodzi, inagwedezeka yonse, kenako inabangula mawu akuya osalala amene ndinawamva m'mimba ndi m'mano momwe. Azimayi anayamba nthungululu, ana akudumpha, agalu akuthawa, ndipo agogo, munthu wamkulu wa ndevu zoyera, anavina mozungulira galimoto chikofiya chili m'manja, akufuula kuti "Alhamdulillah! Yadzuka! Yadzuka!"

Mvula inatidyerera, inagwa yamphamvu tisananyamuke. Amalume anati tidikire chilimwe, koma agogo aakazi, amene mpaka nthawi imeneyo sanaitchulepo galimotoyo ndi dzina, anatulutsa chitenje chawo chatsopano n'kumanga mtolo wa mpunga ndi chambo chouma. Tinanyamuka m'mawa, agogo awiriwo kutsogolo, ine ndi amalume kumbuyo pamabenchi.

Pamsewu wa tala Njati inathamanga mmene sinathamangirepo chiipangireni. Agogo akaponda mafuta, m'kati mwa injini munkalira kamluzu, amalume n'kumati ndi tabo imeneyo, yowonjezera mphamvu ya injini. Tinapitirira minibasi yodzaza, ndipo kondakitala anatulutsa mutu pazenera pakamwa pali yasa.

"Madala, mwaikamo chiyani m'chigalimoto chimenechi?"

"Mtima wa mnyamata!" agogo anakuwa, n'kuliza hutala.

"Yang'anani kutsogolo inu," agogo aakazi anatero, koma ndinaona mapewa awo akugwedezeka ndi kuseka.

Titasiya tala tinayamba kukwera. Msewu unasanduka matope ofiira, kenako miyala, kenako tinjira tiwiri ta ngolo m'kati mwa udzu. Njati inkapendekeka uku ndi uku, nthambi zikukwapula mazenera, ife kumbuyo tikuwombana mitu ndi chambo chija, koma sinaime. Nyanja inaoneka kumbuyo kwathu kutali, yopyapyala ngati lamba. Agogo aakazi anayamba kutchula mayina a mapiri ndi mitengo, mawu awo akukwera ngati a mtsikana.

Kenako tinafika pamtsinje. Mlatho wa mitengo unali utakokoloka, kutangotsala zipilala ziwiri, ndipo madzi ofiira ankathamanga akunyamula zinyalala. Tsidya lina gombe linali lotsetsereka ndi loterera. Agogo anazimitsa injini, anavula nsapato, anapinda buluku n'kulowa m'madzi ndi ndodo, akufufuza pansi mpaka kutsidya. Madzi anawafika m'ntchafu.

"Ababa, tibwerere," amalume anatero atabwerako. "Madzi akakhudza kabokosi kaja tigona pano, ndipo galimoto ipita ndi mtsinje."

Agogo anayang'ana akazi awo. Kanali koyamba kuwaona akukayika.

"Mudzi uli kuseri kwa phiri ilo," agogo aakazi anatero akuloza. "Ine ndafika pano sindibwerera. Ngati Njati yanu ikuopa madzi, mundibereke inuyo."

Agogo anaseka mpaka kutsokomola. Anakwera ndi mapazi amatope, anakoka kandodo kakang'ono kamene kamapatsa mphamvu matayala onse anayi, ananena Bismillah, ndipo tinalowa. Madzi anamenya chitseko, anakwera mpaka panyali, ena n'kulowa pansi kunyowetsa mapazi athu. Pakati penipeni ndinamva kumbuyo kwa galimoto kukutengedwa pang'onopang'ono cham'mbali, ndipo ndinakumbatira mkono wa amalume n'kutseka maso. Agogo sanachotse phazi. Matayala anagwira miyala, anaterereka, anagwiranso, kamluzu kaja kanalira mokweza, ndipo Njati inatuluka m'madzi n'kukwera gombe lija ikumwaza matope mpaka padenga. Titafika pamwamba agogo aakazi anaimba nthungululu yaitali imene sindinadziwe kuti ali nayo m'khosi, kwinaku akumenya mwamuna wawo paphewa ndi chikhatho.

Ana a m'mudzimo anatithamangira mpaka pakhomo lina la udzu, pamene mayi wokalamba wowonda anakhala pamphasa akusenda nyemba, nkhope atalozetsa kumene kunkachokera phokoso.

"Ndani wabwera ndi ndege pakhomo panga?" anafunsa.

Agogo aakazi anatsika pachopondera chija okha, osagwiridwa dzanja. Anayenda mpaka pamphasa n'kugwada ndi mawondo awo otupawo.

"Achemwali, ndine."

A Esinati anataya nyemba. Anakweza manja n'kuyamba kupapasa nkhope ya agogo, pamphumi, m'masaya, m'makutu.

"Rute? Iwe Rute? Koma ndiye wakalamba!"

"Nanga inu mwatsala mtsikana?"

Anagwirana n'kuyamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi, akugwedezana ngati ana. Ine ndinali ndisanamvepo munthu akuitana agogo ndi dzina limenelo. Agogo aamuna anapita kuseri kwa galimoto n'kumakhala ngati akuyang'ana tayala, koma ndinawaona akupukuta m'maso ndi chikofiya.

Amalume ndi amene anayang'anitsitsa maso a a Esinati n'kunena kuti zoyerazo zikuoneka ngati ng'ala, ndipo ku Boma kumabwera madokotala amene amachotsa. A Esinati anakana, anati sanakwerepo galimoto chikalambireni. Agogo aamuna anawapempha kuti angozungulira nawo bwalo la mpira kamodzi. Atazungulira kamodzi anati azungulirenso, ndipo ulendo wachitatu ankakuwa kuti, "Alamu, pondani! Imeneyi ndiye yatha mphamvu?" Madzi ataphwa tinatsika nawo kunyanja.

Madokotala aja atawachita opaleshoni, diso limodzi linakanika, koma linalo linatseguka. Tsiku limene anawamasula bandeji tinawatulutsa m'chipatala pang'onopang'ono, akuphethira ndi kuwala. Anayang'anitsitsa mng'ono wawo. Kenako agogo aamuna, chifuwa chili patsogolo, anawalozera Njati itaima pamthunzi, ndi utoto wake wobiriwira wopaka ndi bulashi, zigamba zowotcherera ndi paipi yakuda ija.

"Ndiye chimenechi?" a Esinati anatero. "Ine mmene chinkaliramo ndinkayesa ndi chokongola!"

Agogo anaseka mpaka anakhala pansi. Achemwali awiriwo anakhala limodzi pakhomo pathu mpaka mvula inatha, akukangana za mchere wa m'ndiwo tsiku ndi tsiku, ndipo kuyambira pamenepo Njati inkakwera kumapiri chaka chilichonse mpaka onse atatu anatisiya.

Ine ndinaphunzira kuyendetsa pa Njati yomweyo, agogo atakhala pambali panga akunamizira kugona. Lero ndimayendetsa ambulansi, ndipo madalaivala anzanga aamuna amadabwa kuti maulendo a kumidzi yakutali, amene iwo amakankhirana nthawi ya dzinja, ine ndimachita kuwapempha. Msewu ukatha, kutsogolo kukangotsala matope ndi madzi, namwino amandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Achemwali, tifika koma?" Pamenepo ine ndimangomwetulira ndi chimwemwe chimene sindingathe kumufotokozera. Ndimangomuuza kuti agwiritse, chifukwa kutsidyako kuli munthu amene akutidikira.