Anapha chinyongolotsi changa ndi mtsikana wina

Anzanga, ine ndi Evance tinakumana chifukwa cha mvula. Ndimagulitsa kachewere pamsewu pa Nsipe, ndiye tsiku lina itayamba kugwa ndinathawira pakhonde la shopu yake ya magemu.

Pa TV panali chinyongolotsi chachikulu ngati basi, chikutuluka mumchenga n'kumeza kamunthu konyamula lupanga.

"Asisi, lowani munganyowe," anatero Evance. "Ichi chimatimaliza tonse. Part one chilimo, part two chilimo, part three chabweranso chitanenepa."

"Ndiye inu mumangodyedwa chaka ndi chaka?"

Anaseka n'kundipatsa padi yosewerera gemuyo.

Kuyambira pamenepo ndikaweruka ndinkathamangira kushopu. Ananditsegulira save yangayanga yosungira pomwe ndafika mugemu, kamunthu kanga tinakatcha Tawina, dzina langa. Chikondi chinayambira pampando womwewo...

Mu part two chinyongolotsi chija chinandimeza kakhumi, mpaka ndinafuna kuswa padi. Kenako ndinakumbukira mfuko za m'munda mwathu ku Champiti. Mfuko isanatulukire, dothi limayamba latukuka.

"Usamathawe," ndinamuuza Evance. "Uziyang'ana mchenga. Pakatukuka ima pambali, chikatulutsa mutu baya."

Chinafa! Evance anandinyamula pamaso pa makasitomala onse.

"Cha part three tidzapha limodzi, babe. Save yako sindiikhudza."

Ndinatha miyezi inayi ndikumukulitsa Tawina wanga, kumupezera zida ndi mankhwala. Nditangofika pachipululu pomwe chimakhala, amayi anandiitana kumudzi kukakumba kachewere. Masabata atatu okha.

Kwathu network ndi yovuta, ndinkachita kukwera pachulu kuti ndimuimbire.

"Chinyongolotsi chako chikukudikira," ankatero.

Tsiku lobwerera ndinatsika minibasi n'kulunjika kushopu, fumbi lili kumapazi. Pampando wanga panali Sibongile wa pasaluni yoyandikana nayo, padi ili m'manja.

"Inu ndi kasitomala uja eti? Dikirani kaye ndiseve."

Ndinayang'ana pa TV. Lupanga langa, zida zanga zonse... koma dzina pamwamba linali Sibo.

"Chinyongolotsi chili kuti?" ndinamufunsa.

"Tinapha Loweruka ndi Evance. Ndi wanzeru bae wangayu, anatulukira yekha zoyang'ana mchenga ukamatukuka."

Yekha, anzanga. Munthu woti chibadwire sanagwirepo khasu.

Evance anali busy kupukuta TV yoyera kale.

"Evance, save yanga ili kuti?"

"Aaa Tawina, usakwiye, ndi gemu chabe. Ndikutsegulira ina uyambirenso."

"Ndiyambirenso chani? Gemu kapena iweyo?"

Anangopitiriza kupukuta.

Ndinatuluka mutu uli m'mwamba, koma ndinakalirira kuseri kwa matumba anga pamsewu, mabasi akudutsa. Kasitomala wina anandifunsa mtengo wa ndowa katatu konse, ine osamva.

Sibongile sindikumuda, iye anangopatsidwa padi. Chikundipsetsa mtima n'chakuti pa save imodzi chinyongolotsi chija chimafa kamodzi basi, ndipo Evance ankadziwa. Kutsegula save yatsopano sikutenga ndi mphindi imodzi yomwe, koma iye anakhala pansi, n'kufufuta dzina langa chilembo ndi chilembo, ine ndili pachulu kufunafuna network kuti ndimve mawu ake.

Anzanga, munthu akakuuzani kuti "ndi gemu chabe" pa chinthu chomwe munachivutikira, dziwani kuti nanunso amakuonani choncho.