Mimba ya a Mbewe Inkagunda Ngati Mtima

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, amene ankagulitsa nthochi pageti la chipatala china ku Katete. Iwo ndiwo anamva kuti kukufunika wothandiza m'chipinda cha sikani, makina ounikira m'thupi. Ndinali nditangomaliza maphunziro a unamwino, matama ali tho.

Ndinkagoneka odwala, kuwapaka jelo pamimba, ndi kulemba miyezo imene a Tembo, mkulu wanga pantchitopo, ankatchula.

Tsiku lina kunabwera a Mbewe, mlimi wachikulire wa thonje wa ku Vubwi. Ankadandaula msana ndi "njoka" yodumpha pamchombo. Akazi awo ankawathowa ndi madzi otentha, n'kumakanikiza kuti njokayo itsike. Nanenso ndinakunga zala kuti ndidinikize. A Tembo anandigwira dzanja.

"Usakanikize, mwanawe. Ingoikapo."

Ndinaika chikhatho. Mimba inkagunda ngati mtima, n'kumakankha zala zanga uku ndi uku. Pa sikani tinaona mtsempha waukulu wochokera kumtima, umene umayenera kungoposa pang'ono chala chamanthu, utafufuma ngati chubu cha njinga chofuna kuphulika. Moyo wa bambowa unali utatsamira pa kakhungu kopyapyala kameneko, ndipo ine ndinatsala pang'ono kukadinikiza.

A Tembo anawafunsa modekha. Fodya wa chingambwe ankasuta kuyambira ali kubusa. Titawapima, tinapeza kuti magazi ankathamanga kwambiri, koma anali asanapimitsepo. A Tembo anati utsi, kuthamanga kwa magazi ndi ukalamba zimafooketsa khoma la mtsemphawo, komanso vutoli limayenda m'magazi a pabanja.

"Kodi alipo m'bale wanu anamwalira mwadzidzidzi?"

"Akulu anga anagwa m'munda atagwira pachifuwa. Tinkati anawalodza ndi amalume. Mpaka lero sitipatsana moni."

"Mtsempha womwewu umadutsanso m'chifuwa, bambo. Mwina n'zomwezi."

Tsiku lomwelo ambulansi inawatengera a Mbewe ku Lusaka kukachitidwa opaleshoni, ine mtima uli m'mwamba.

Thonje litakololedwa, a Mbewe anatulukira ali ndi chipsera chachitali pamimba, atatenga ang'ono awo awiri kuti tiwaunike. Kumbuyo kwawo kunkabwera nkhalamba ya ndodo.

"Awa ndi amalume aja," anatero. "Yambani ndi iwowa."

Kuyambira pamenepo ndimayamba ndafunsa, dzanja limabwera pambuyo.