Ngowe Yachiwiri ya Kangaude

"Alamu, mukadzandiona pamlatho wanuwo, mudzandilambalale."

Anatero mlongo wa mkazi wa Kangaude, mwini bwato, anthu atasiya kuwoloka pamadzi. Kangaude anangoseka. Dzinali anampatsa anzake pomanga mlathowo, poti ankakwera nsanja ngati munthu wopanda ana, kukakoka zingwe zachitsulo zonyamula msewu, chilichonse chonenepa ngati ntchafu. Ntchito itatha anamusunga kuti aziyendera zingwezo n'kumapaka girisi.

Lamulo lawo linali limodzi. Lamba wako ali ndi ngowe ziwiri: ina umakola kuchitsulo, ina umakola aliyense woima nawe m'mphepete, moni pambuyo. Woiwala, kapitawo ankamuomba mbama. Khutu lamanzere la Kangaude linagontha ndi maphunziro amenewo.

Masana ena akugwira ntchito kunja kwa chotchinga, malole akugwedeza mlatho, anaona mlamu uja akudumpha chotchingacho, nkhafi yopalasira bwato ili m'manja, mowa uli guu. Dzanja linachita zimene linazolowera, ngowe kho! palamba wa thalauza la mlamuyo.

Nkhafi inamupeza Kangaude pakamwa, mano awiri n'kugwera mumtsinje. Kachiwiri inathyola chala. Mlamu ankatukwana kuti ana ake akugona ndi njala chifukwa cha zingwezi, kuti mlongo wake anakwatiwa ndi galu wa kampani. Akukweza nkhafi kachitatu, phazi linaterereka pagirisi, munthu uja n'kugwa.

Lamba anakoka Kangaude m'chiuno n'kumumenyetsa kuchitsulo, nthiti phwa. Pansi pake mlamu ankalendewera pamwamba pa madzi, chikopa cha lamba wake chikung'ambika pang'onopang'ono.

"Musandisiye, alamu."

"Paja munati ndikulambalaleni," anatero Kangaude, magazi akudonthera pankhope ya mnzakeyo. Anamugwira kolala ndi dzanja lothyoka chala lija mpaka madalaivala awiri anafika n'kuwakoka.

Madalaivalawo anafuna kumuswa mlamuyo ndi sipanala, kenako kumutengera kupolisi. Kangaude anawauza kuti zapachibale azisiye, ndipo kuti galimoto zawo zatseka msewu. Mlamu anachoka osacheuka, atagwirira thalauza m'manja.

Kuchipatala Kangaude anamumanga chala ndi nthiti. Pobwerera, akuganiza zoti akamuuze mayi wa ana, anaima pagolosale ya kumapeto kwa mlatho. Pakamwa panali potupa, moti anangoloza ndi chala chomangidwacho. Anapita kunyumba ndi kapaketi ka mchere wochukuchira m'kamwa.