Ndinalankhula Kwambiri ku Joni

Zopita ku Joni ndinaziganiza tsiku limene tinaika bambo anga, misozi isanaume n'komwe. Bokosi lawo linali lonyezimira, la zogwirira zachitsulo, loti eni akewo, amene anagona pamphasa moyo wawo wonse, akanaopa ngakhale kulikhudza. Anagula ndi a Mthunzi. Limenelo silinali dzina lawo la m'chitupa, koma ku Kapondo konse palibe ankawatchula lina. Anabadwira m'mudzi woyandikana ndi wathu, n'kukalemera ndi makontirakiti a boma ku Lilongwe. Maliro akangogwa m'dera lathu, lole yawo inkafika ndi bokosi, ufa, mpaka nkhuni. Tikuchoka kumanda anandiitanira pagalimoto yawo n'kundiuza kuti ali ndi kanyumba ku Joni kosowa munthu wakumudzi wokhulupirika. Mwamuna anali atandisiya kale, mtedza chaka chimenecho unapsa ndi dzuwa. Ndikanakana ndi pakamwa pake pati?

Mayi sanandiletse. Amene anandiperekeza kumsewu ndi msuweni wanga Laisoni, mwana wa amalume, yemwenso ndi mkulu wa adzukulu okumba manda m'mudzi mwathu. Anamangirira chikwama changa panjinga, njira yonse akundiseka monga timachitira pachisuweni. Ankati mkazi wakene sindikatha mwezi kumeneko, chifukwa pakamwa panga sipanagonepo chibadwire, ndipo ndizikacheza ndi makoma. Ndinamutukwana bwinobwino, tonse n'kuseka.

Kanyumba kaja ndinakapeza kali chinyumba cha zipinda zoti n'kusokeramo, mpanda wa magetsi, ndi dziwe losambiramo limene palibe ankasambamo. A Mthunzi ankabwera mwa apo ndi apo, ndi anzawo a masuti ndi maloya, n'kukhala masiku ochepa. Nthawi ina yonse ndinali ndekha, kukolopa pamene sipanapondedwe. Laisoni sananame. Ndinayamba kuuza firiji nkhani za kumudzi, ndipo tsiku lina ndinakalipira tsache mpaka ndinadzimvera chisoni.

Malipiro sankachedwa, zimenezo ndisawanamizire. Mayi ndinawakhomera malata, mwana wa mchemwali wanga anatha sukulu. Koma munthu sacheza ndi malata. Ndinkaimba foni kwa Nabanda, mkazi wa Laisoni, iye n'kuthamanga nayo kwa mayi. Mayi akatopa kulankhula ndinkawapempha kuti asadule, angoiika pakhonde. Ndinkamvera atambala, ana akulimbirana mpira wa mapepala, wina akusinja nsinjiro kuseri. Ndinkakumbuka masiku amene ine ndi Nabanda tinkakazinga mtedza n'kupita nawo kuboda kukagulitsa kwa madalaivala a mathiraki, iwo akutinena kuti timachepetsa muyezo, ife tikuwanena mimba zawo. Pobwerera tinkaimba nyimbo za kwaya fumbi lili m'kamwa. Sindinkadziwa kuti kumeneko ndiye kunali kukhala. Kuseri kwa dziwe lija ndinazula maluwa angapo n'kubzala nthangala za maungu zimene mayi ananditumizira pa basi.

Ndiye m'mawa wina pageti panafika anthu atatu: wapolisi wa komweko, mzungu wochokera ku kachilumba kena ka kutali, ndi mayi wamfupi wovala jekete. Mayiyo ndiye anayamba kulankhula.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Koma mnkhwani uwu, si mbewu ya kwathu imeneyi?"

Chichewa chenicheni, cha ku Lilongwe, chopanda foni pakati. Ndinalira ngati mwana, anthu achilendowo akundiyang'ana.

Sanandinamize ayi. Anandiuza kuti amagwira ntchito yofufuza za katangale ku Malawi, ndipo akugwirizana ndi anzawo a mayiko ena. Anati nyumbayo pamalamulo si ya a Mthunzi, ndi ya kampani ya pa kachilumbako, kampani yopanda ofesi, yopanda wantchito ngakhale wosesa. Ndalama zimene boma linatulutsa kuti zigule mankhwala ndi kukonza misewu zinkakaponyedwa kumeneko, kumene safunsa kuti zachokera kuti ndiponso sadula msonkho, kenako zinkatulukira kuno zitasanduka nyumba. Fisi akatola fupa sadyera pomwepo. Kale dziko lililonse linkaona mbali yake yokha, koma tsopano mayikowo anayamba kuuzana. Chimene ankasowa chinali munthu woti anene amene amagona m'chipinda chachikulu, amene amalamula, amene amalandira alendo. Anandichenjeza kuti sindikukakamizidwa, ndi kuti zimene ndinganene zikafika kukhoti.

Abale inu, ndinalankhula. Ndinayamba ndi chipinda chachikulucho, ndinafika pa alendo a masuti ndi tiyi amene aliyense ankakonda, ndinadutsira pa maliro a bambo, pa mtengo wa feteleza, pa kwaya yathu. Ndinawaphikira mnkhwani wotendera, mayi aja n'kumanyambita zala, ine ndikulankhulabe. Azibambo awiri aja ankangodikira kuti awamasulire, thukuta lili kamukamu. Sindinawonjezepo bodza ngakhale limodzi. Koma kunena zoona, sikuti ndinali wolimba mtima. Ndinali ndi njala ya munthu wondiyankha m'chinenero changa.

Patapita miyezi nyumba ija inatsekedwa, ndalama za a Mthunzi zinagwidwa kuno ndi uko, mlandu unalowa m'khoti, wailesi n'kulengeza. Lole ija inasiya kubwera ku Kapondo. Sindidziwa amene anauza anthu kuti mboni inali ine Naphiri, mwana wa m'mudzi momwemo, koma zinamveka. Nabanda anasiya kuyankha foni. Ndinapeza maganyu ochapa m'nyumba za ena, ndikuopa kubwerera. Tsiku lina kunabwera uthenga wa Nabanda waufupi wopanda moni: mayi adwala kwambiri, ndipo anthu akuti amene anatsekereza mabokosi adzakumbe yekha.

Amene sanakulire kumudzi sangamve kulemera kwa mawu amenewo. Kwathu ukhoza kusowa mchere, ukhoza kusowa chovala, koma kusowa okukumbira manda ndiye kutha kwa munthu. Mayi anga sanaphonyepo maliro, anatunga madzi ndi kuphika pa zovuta za mudzi wonse. Tsopano chifukwa cha pakamwa panga akanagona m'nyumba osowa owanyamula. Ndinakwera basi mawa lake.

Ndinatsikira pa Boma n'kukwera kabaza. Msewu unali womwewo wa makumbi, mapiri a Mchinji ali pomwe ndinawasiya, fungo la fodya m'zigafa lomwelo. Mtima unkafuna kuimba. Koma anthu ankayankha moni wanga ndi mphuno. Pamjigo ndikafika nkhani zinkaduka, n'kumangomveka chitsulo. Pang'ono ndi pang'ono ndinamva chimene chinkawawawa. Anthu anali atazolowera mabokosi onyezimira, moti lole itasiya kubwera, ofedwa ankagulitsa mbuzi, ena mpaka munda, poopa manyazi oika m'bale wawo m'matabwa wamba. Kalipentala wathu anasamukira ku Chipata kalekale atasowa ntchito. Ndinkafuna kuwafunsa chifukwa chake kachipatala kathu kamangopereka panado pa nthenda iliyonse, koma kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinatseka pakamwa.

Mayi ndinawapeza atatha, koma mutu uli bwinobwino. Ndinawasambitsa, ndinawadyetsa phala, tinacheza masabata angapo amene sindidzawaiwala. Za ku Joni anandifunsa kamodzi kokha, ngati zimene ndinauza anthu a boma zinali zoona. Nditavomera anati, "Nanga ukuyenderanji chowerama ngati waba nkhuku?"

Anatisiya kukucha, nyengo yokolola mtedza. Uthenga unapita kwa amfumu monga mwa mwambo. Azimayi anabwera ochepa, n'kukhala chapatali. Ine khutu linali kunja, kudikira phokoso la makasu ndi mapiki akupita kumanda. Dzuwa linakwera, mthunzi wa nkhokwe unafupika, koma kunali zii. Azibambo ndinkawaona ataunjikana pansi pa mtengo wa mango kwa Laisoni, akukangana motsitsa mawu.

Ndinamanga chitenje m'chiuno, ndinatenga khasu la mayi kuseri kwa nyumba, n'kuyamba kuyenda njira ya kumanda. Munthu wamkazi sakumba manda, zimenezo ndinkazidziwa bwino. Azimayi anaimirira, wina anagwira pakamwa. Sindinafike patali, Laisoni anandipeza akupuma mothamanga n'kugwira mpini.

"Bweretsa kuno khasulo. Ukufuna mbiri yathu ikamveke mpaka ku Zambia?"

Ndinamuuza kuti paja anthu anati ndidzakumbe ndekha.

"A Mthunzi ankagula bokosi, koma dzenje sanatikumbirepo ngakhale limodzi. Agonawo ndi azakhali anga. Bwerera ukalire, ndiyo ntchito yako."

Anapita ndi khasulo, ndipo azibambo aja anayamba kudzuka mmodzimmodzi, ena akung'ung'udza, koma anamutsatira. Posakhalitsa ndinamva phokoso lina limene ndinalimva komaliza ndili kamtsikana: sowo ndi hamala kuseri kwa nyumba ya maliro, amuna akukangana za muyezo, wina akuwongola misomali yakale pamwala. Kale umu ndi mmene tinkaikira anthu athu. Bokosi linatuluka lopanda zogwirira, mbali imodzi ili ndi penti wobiriwira wofwifwa. Azimayi analikuta ndi nsalu, kwaya inayamba nyimbo, ndipo anthu amene sanandipatse moni chifikire ananyamula mayi anga mosinthana mpaka kumanda. Ndinaona kuti mkwiyo wawo unali weniweni, koma unali ndi polekezera.

M'mawa mwake ndinapita kwa Laisoni kukathokoza. Iye kunalibe. Nabanda anali pakhonde akuswa mtedza m'lichero, ndipo sanadzutse mutu. Ndipamene ndinaona khomo la nyumba yawo. Chitseko chawo chobiriwira panalibe, panali polendewera chiguduli, mphepo ikuchikankha, mphasa ndi ndowa za m'nyumba zili poonekera. Ndinakumbukira penti uja wa pabokosi la mayi.

"Ukuyang'ana chiyani?" anatero Nabanda. "Ukufuna ukauzenso azungu ako kuti kwa Laisoni kulibe chitseko?"

Anasendera pang'ono pamphasa n'kukankhira lichero pakati. Ndinakhala pansi, ndinatapa mtedza, ndipo tinaswa mpaka dzuwa linatipeza pakhondepo, tonse mphuno zikutuluka madzi.