Galasi Lopindika la Lushomo

Ba Ferdinand a ku Nangongwe anagwira ntchito zaka makumi atatu pafakitale ina ya mu Kafue, kupala ndi kusalaza zitsulo za makina. Anzawo anayi amene ankapuma nawo fumbi la mmenemo anaikidwa kale m'manda, onse ndi chifuwa. Mabwana ankati fumbilo silipha.

Mwana wawo wamkazi, Lushomo, anaphunzira sayansi mpaka anakapezeka ku Ulaya, kumalo ofufuzira kumene kuli ng'anjo ya nyukiliya. Atabwera kudzacheza mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anali wowonda, maso atalowa. Bambo ake anamufunsa kuti kwenikweni amachita chiyani kumeneko.

Lushomo anatenga beseni n'kuyendetsa chala m'mbali mwake. Anati amatumiza manyutironi, tinthu ta mkati mwa atomu tosaoneka ndi maso, kuti tidutse mokhula galasi lopindika ngati beseniyo. Tina timakakamira kukhoma la galasilo n'kumakhota nalo, koma sitiyenda paliponse. Timangoyenda m'mizere yowerengeka kuchokera pakhomapo, ngati masitepe. Galasilo likangokandika pang'ono, tinthuto timabalalika.

Za kukandika Ba Ferdinand anazimvetsa, inali ntchito yawo. Chinawasowetsa mtendere n'chakuti tinthuto timalowa ndi m'thupi momwe.

"Nanga iwe umaimirira pati?"

"Kuseri kwa konkire, Batata. Timavala kabaji koyeza ngati tinthuto tatifika m'thupi. Kanga sikanaonetsepo kanthu."

"Na ise anatiuza so."

Tsiku lachitatu, Lushomo akutsuka nsomba za ku Chanyanya pabwalo, magazi anayamba kutuluka m'mphuno mwake, kudonthera m'madzi. Anaseka, nati ndi kutentha chabe, koma magaziwo anachedwa kuleka. Ba Ferdinand anakafunsa Ba Mainess, nesi woyandikana nawo nyumba, amene anangoti mtsikanayo akapimitse magazi. Lushomo anakana. Nthawi imene gulu lake la ofufuza linapatsidwa kuti ligwiritse ntchito makina a ku Ulayako inali itayandikira, ndipo akaiphonya akanadikira chaka.

Ba Ferdinand anamuperekeza kokwerera minibasi.

Patapita milungu isanu Lushomo anaimba foni masana. Anati zatheka, mizere ija ankaifunayi yaoneka. Mawu ake anali otsika, akupumira pakati. Kenako anafunsa ngati kubanja kwa malemu amayi ake kunali wina amene anadwalapo matenda a magazi. Ba Ferdinand anati sakudziwa. Lushomo anati anakapimitsa magazi, tsopano dokotala wamuitananso Lachinayi, ndipo wamuuza kuti asapite yekha.