A Fabiano, Mwamuna Wobwereka wa Kusikelo

Alamu anga a Fabiano anabadwa ndi pakamwa, manja anachita kubwera pambuyo. Ndikutero ine Anastasia, mkulu wake wa mkazi wawo Ophelia, ndipo sindikuwanamizira, pakuti nyumba yawo ili kuseri kwa yanga pamalo a mayi athu, kufupi ndi Nsanama. Anabwera chikamwini ndi chikwama chimodzi, njinga yakapalasa, ndi mawu okoma oimbira kwaya kutchalitchi kwathu kwa Akatolika.

Asanakwatire anayesapo zambiri. Anagulitsako mpunga pasitima ku Nayuchi, mpunga n'kutha phindu osaoneka. Ananyamukapo wa ku Joni ngati anzawo, koma anabwezedwa panjira, n'kubwerako ndi chipewa komanso Chizulu chongokwana kuperekera moni. Kenako anakhazikika pa kabaza, ntchito imene inkawasautsa chifukwa imafuna miyendo.

Mwayi wawo unatulukira pakachipatala ka kwathu, pomwe ine ndimagulitsa nthochi ndi zitumbuwa pageti. Pamenepo mayi woyembekezera akabwera kusikelo ndi mwamuna wake amathandizidwa koyamba. Wobwera yekha amakhala kumbuyo mpaka dzuwa lifike paliwombo, ndipo akafika kutsogolo amafunsidwa kuti bambo a mwana ali kuti. Cholinga chake n'chabwino, sindikana. Vuto ndi loti amuna akwathu ambiri ali ku Joni, ena ali ku Chilwa kokoka nsomba, otsalawo amati kusikelo n'kwa akazi. Tsiku lina mayi wina amene a Fabiano anamunyamula panjinga anawapempha kuti alowe naye, angokhala pambali pake ngati mwamuna wake. Analowa. Mayiyo anatuluka msanga n'kuwathokoza bwino kuposa mmene amathokozera wakabaza, ndipo ntchito inabadwa pomwepo.

Posakhalitsa a Fabiano anali mwamuna wa aliyense. Lero mwamuna wa uyu kwathu kuno, mkuja wa wina cha ku Mposa, sabata yamawa wa winanso njira ya ku Nayuchi. Chala chawo chinabayidwa poyeza magazi mpaka chinachita zipsera ngati cha telala. Anamwino akawakayikira, iwo ankati ndi amitala, munthu woimba kwaya Lamulungu lililonse. Tonse tinkadziwa, koma akanaulula ndani? Lero ndi mnzako, mawa mwamuna wako wakwera basi ya ku Joni. Ngakhale amuna a ku Joniwo ankachita kuwaimbira foni kuwapempha kuti akawaimirire.

Ndiye kunabwera namwino watsopano wochokera ku Balaka, mayi Jacqueline, munthu wachangu ndi wamtima wabwino, wosadziwa za kwathu. Iwo ankakonda kuphunzitsa za masewera olimbitsa thupi. Ankati mayi woyembekezera asamangokhala chikhalire, koma aziyenda pang'onopang'ono m'mawa kapena madzulo kukazizira, madzi akumwa ali m'manja. Ngati akuyenda mpaka kulephera kucheza ndi mnzake chifukwa cha befu, ndiye kuti wanyanya. Aziwongola miyendo, azinyonyomala pang'ono atagwira chinthu cholimba, azipuma mokoka mpweya. Koma ankanenetsa kuti kulumpha iyayi, kunyamula zolemera iyayi, kugwira ntchito padzuwa lamoto iyayi, ndipo akamva chizungulire, kupota m'mimba kapena kuona magazi, asiye zonse athamangire kuchipatala.

Nthawi imeneyo a Fabiano anali mwamuna wa Prudence, mtsikana wa kutsidya kwa msewu amene mwamuna wake weniweni ali ku Joni. Alamu anga analoweza chiphunzitso chonsecho ngati katekisimu. Namwino akafunsa funso, dzanja loyamba kukwera linali lawo. Mayi Jacqueline anakondwa nawo mpaka anawasankha kukhala bambo wachitsanzo, ndipo bungwe lina linawatengera kuhotela ku Liwonde kukalankhula kwa akuluakulu. Anabwerako atanona masaya, atavala tisheti yoyera yolembedwa kuti bambo weniweni amaperekeza mkazi wake kusikelo. Ine poiona ndinangoti mumtima, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

M'miyezi yomweyo mng'ono wanga Ophelia anaima.

Ophelia ndi munthu wofatsa mopweteketsa mtima, woti ukamuponda amapepesa ndi iyeyo. Mimba yake yoyamba inapita padera chaka chatha nthawi yokolola mpunga, ndipo nsalu zake ndinachapa ndine. Sindinkafuna kudzachapanso nsalu zotere. Choncho pamene ndinaona kuti wayamba kulavulalavula ndi kudana ndi fungo la usipa, mtima wanga unakhala m'mwamba.

Mungaganize kuti mkazi wa bambo wachitsanzo anali pabwino. A Fabiano chiphunzitso chija anachidula pakati, n'kubweretsa kunyumba theka lowakomera. Ophelia akasenza ndowa kuchokera kumjigo, iwo ali pakhonde ankati masewera amenewo, anamwino amati thupi lisagone. Akasinja, ankati zikulimbitsa msana. Akapempha njinga kuti akatengere mpunga kudambo, ankati njinga ndi ofesi, ndiponso kuyenda n'kwabwino kwa mayi wapakati. Tsiku lina ndinawapeza akumulangiza mwaukatswiri kuti ponyamula thumba azipinda mawondo osati msana, iwo manja ali m'thumba la buluku. Ndinapsa mtima mpaka ndinathyola nkhuni imene ndinagwira.

Choipitsitsa n'chakuti mimba inayamba kuoneka Ophelia asanapondeko kusikelo. Apite ndi ndani? Pachipatala chathu mwamuna wake anali wa Prudence, ndipo m'zipatala zoyandikana nacho anali atakwatirako kale akazi ena. Kupita yekha kunkamuchititsa manyazi: akakhale kumbuyo akuyang'ana nkhongo ya mwamuna wake pabenchi yakutsogolo, kenako afunsidwe kuti bambo a mwana ali kuti? Ndinawakhalitsa pansi alamu anga n'kuwakumbutsa za chaka chatha.

"Alamu," anatero akuwongola kolala ya tisheti ija, "ntchitoyi ndi imene ikugula sopo m'nyumba muno. Prudence akangobereka, Ophelia ndimuperekeza ndekha."

Ngati kuti mimba ndi sitima yoti imaima pasiteshoni kudikira munthu.

Masana ena Ophelia anafika kuchokera kudambo ndi thumba la mpunga pamutu, n'kuligwetsa pabwalo, iye n'kukhala pansi atagwira pachinena. Milomo inali itauma. Anati si kanthu, kwangomupota pang'ono. A Fabiano anali asanabwere. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye ndinavala mpango n'kupita kwa Latifu.

Latifu ndi wakabaza wanjinga yamoto, Msilamu wosalankhulalankhula, amene mkazi wake anamwalira zaka zapitazo. Nditamupempha kuti aperekeze Ophelia kusikelo ngati mwamuna wake anakana kaye, nati bodza ndi haramu ndipo iye ntchito ya a Fabiano saidziwa. Ndinamufotokozera za thumba lija ndi za chaka chatha. Apo anati Inshallah m'mawa abwera.

Anabweradi, n'kumunyamula Ophelia pang'onopang'ono akuzemba maenje. Ine ndinali nditafika kale pageti ndi beseni langa. Atalowa ndinasiyira mnzanga malonda n'kukaima m'mphepete mwa shedi yomwe amayi amakhalamo.

Kutsogolo kunali a Fabiano mu tisheti yawo, atagwira manja a Prudence, akuonetsa gulu mmene mwamuna amathandizira mkazi wake kunyonyomala. Ankafotokoza mokoma, akumwetulira. Atatukula maso anaona mkazi wawo akukhala pabenchi, Latifu akumupukutira fumbi pokhala. Mawu anawathera pakati pa chiganizo, n'kutsokomola chifuwa chimene analibe.

Mayi Jacqueline, pokondwa kuona banja latsopano, anawaitanira kutsogolo kuti nawo ayese. Latifu anagwira nsonga za zala za Ophelia mwamanyazi. Ophelia anangopinda mawondo pang'ono, n'kubuula, n'kutsamira pachifuwa pa munthu wa eni. Namwino anaimitsa zonse nthawi yomweyo n'kumulowetsa m'chipinda choyezera. Anatulukamo nkhope itasintha. Anali atapeza madontho a magazi, ndipo Ophelia atafunsidwa anali atanena zoona: ndowa, mtondo, thumba la mpunga, ndi zoti abambo akunyumba amati amenewo ndiwo masewera.

Mkwiyo wonse unagwera Latifu. Mayi Jacqueline anamufunsa pamaso pa anthu ngati ali ndi mtima, ngati akudziwa kusiyana kwa masewera ndi ukapolo, ndiponso kuti anali kuti miyezi yonseyi osabwera naye mkazi wake. Latifu anavula chisoti n'kumachifinya m'manja, nati walakwa. Ndinamva chisoni ndi manyazi, pakuti munthuyo ndinamukokera ndine m'moto wosakoleza iye.

Kenako namwino anatembenuka.

"A Fabiano, taimani. Muuzeni bamboyu zimene mwamuna weniweni amachita mkazi wake akakhala woyembekezera."

Amayi onse aja m'shedimo ankadziwa kuti mwini thumba ndani, ndipo aliyense anapeza chochita ndi chitenje chake. Chitseko cha chipinda choyezera chinali chotsegula, Ophelia ali chigonere mkatimo. Ine ndinapemphera mumtima kuti alamu anga anene mawu awiri okha, akuti mkazi wanga. Ndikanawakhululukira zonse, ndi thumba lomwe.

Anaimirira, n'kukonza kukhosi.

"Achimwene, mayi wapakati amayenda pang'onopang'ono, inu muli pambali pake. Madzi mumatunga ndinu. Katundu mumanyamula ndinu. Masewera si ntchito yakalavulagaga iyayi. Mwamuna wosenzetsa mkazi wake thumba la mpunga akufuna kupha mwana wake yemwe."

Sanaphonye ngakhale pamodzi. Mayi Jacqueline anaomba m'manja. Anaomba okha.

Mwamwayi ambulansi inali pomwepo, itabwera kudzatula mankhwala. Namwino anati Ophelia apite kuchipatala chachikulu ku Liwonde akamuunike, ndipo mwamuna wake akwere naye. Ine ndinakwera ngati womudikirira. Latifu anaika phazi limodzi pakhomo la galimoto n'kuima, akuyang'ana a Fabiano. Anadikira ndithu. Ngakhale Prudence anawagunda ndi chigongono n'kuwanong'oneza kuti apite, za iye asadandaule. Alamu anga anayang'ana namwino, n'kuyang'ana tisheti yawo, n'kukhala pansi atafungatira chikwama cha Prudence. Latifu anapereka makiyi a njinga kwa mlonda n'kukwera.

Ku Liwonde anamuunika, ndipo kamtima ka mwana kanamveka kakugunda. Ndinalira mosabisa. Adokotala anati amugoneke kaye kuti magazi asiye, ndipo akatuluka asadzakhudzenso ndowa kapena musi. Kuyenda pang'onopang'ono adzayamba iwo akadzaloleza. Malangizo onsewo anauza Latifu, yemwe anamvetsera mpaka kumapeto n'kufunsanso zimene sanamve. Atatero anakagula madzi ndi mabanzi, n'kukhala pakhonde la wodi osalowa. Ophelia masana onsewo anangolankhula kamodzi, maso ali kudenga.

"Achemwali, anayankhula bwino abambo achitsanzo aja, eti?"

Ndinangomufunditsa chitenje.

Dzuwa litapendeka ndinatuluka kukafuna makala oti ndiphikire phala. Pageti ndinapeza a Fabiano akukangana ndi mlonda. Anali atapalasa njinga kuchokera ku Nsanama, tisheti ija itasanduka yofiirira ndi fumbi ndi thukuta. Mlondayo ankati nthawi yoona odwala yatha, ndipo wodwala amene akumutchulayo mwamuna wake analowa kale masana, anamuona yekha akutsika naye mu ambulansi.

Atandiona anandigwira dzanja kudzera m'zitsulo za geti. Anafunsa za mwana kaye, ndipo chimenecho ndiwayamikire. Nditawauza kuti ali moyo anakhala pansi pafumbi n'kulira ngati kamwana. Mkwiyo ndinali nawo wodzaza mtanga, komabe chisoni chinandigwira. Anandipempha kuti ndiuze mlonda kuti iwo ndi ndani. Mlondayo anati ngati wodwalayo anena yekha kuti bamboyu ndi wake, awalowetsa kamphindi.

Ndinabwerera kuwodi n'kumuuza Ophelia zonse: njinga, thukuta, misozi. Sindinachotsepo kapena kuwonjezerapo. Anamvetsera dzanja lili pamimba, kenako anayankha.

"M'mawa anafunsidwa pamaso pa anthu, ndipo anayankha okha. Ine ndiwonjezerepo chiyani, achemwali?"

Ndinapita pageti n'kukawauza mawuwo monga anatulukira. Mlonda anawapempha mwaulemu kuti asunthe njinga yawo panjira, n'kukhoma geti.